Yankho: nsengwa si mankhwala oletsa magazi pabala

Mayi, mwafunsa ngati nsengwa, ija imatuluka mwana akabadwa, ingaletse magazi pabala. Ndikukulangizani kuti musaike nsengwa, kaya ndi ya munthu kapena ya mbuzi, yaiwisi kapena youmitsa, pabala limene likutuluka magazi. Tengani nsalu yoyera, mukanikize pabalapo mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira, ndipo ngati bala lili pamkono kapena pamwendo, mukwezeko chiwalocho. Magazi akasiya, tsukani ndi madzi aukhondo.

N'zoona kuti asing'anga a ku China akhala akugwiritsa ntchito nsengwa youmitsa kwa zaka mazana ambiri, komanso ku India kuli mankhwala opaka pazilonda otchedwa Placentrex, opangidwa kuchokera ku nsengwa ya munthu. Koma mankhwala a Placentrex amenewo amakonzedwa m'fakitale atachotsedwa tizilombo, ndipo cholinga chake n'chothandiza kuti chilonda chipole, osati kuletsa magazi. Nsengwa ya pakhomo palibe amene waiyeza. Ya munthu ikhoza kukhala ndi HIV kapena tizilombo ta matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, pamene ya chiweto imagwera pansi m'khola, momwe muli ndowe zimene zimasunga tizilombo ta kafumbata. Mabala amene ndawaona atapakidwa zinthu zoterezi ankachedwa kupola, ankachita mafinya, ndipo anamwino ankavutika kuwatsuka.

Thamangirani kuchipatala ngati magazi sakusiya ngakhale mwakanikiza, ngati akutumphuka, kapena ngati bala ndi lakuya lofunika kusoka. Chimodzimodzinso likatupa, kununkha kapena wodwala akatentha thupi. Mufunsenso za katemera wa kafumbata, makamaka ngati wavulala ndi khasu kapena msomali.