Mlangizi wodziwana ndi apongozi anu? Ine ndinapsa nazo

Asisi a Anonymous, ndawerenga zanuzi thupi lachita kuzizira. Mlangizi amene amayimba kwaya imodzi ndi apongozi anu, ndiye mukufunsa ngati mupitirize kumuuza za m'banja mwanu? Musamvere awa akulemba kuti "ndi wophunzira ameneyo, sangaulule". Wanganso anali ndi satifiketi m'felemu pakhoma.

Ine zinandigwera nditangochira mwana wachiwiri. Tulo osabwera, chakudya osalowa, mwana akalira ndinkangomuyang'ana ngati wa mwini. Anesi a kusikelo ndi amene anaona kuti sindili bwino, anati ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akangobereka ndipo amachizika. Bambo a kunyumba anati bwanji tiyambe ndi mayi wina wa kumpingo kwathu amene anachita kosi ya uphungu, poti ndi pafupi komanso ndi munthu wopemphera. Ndinavomera. Mayiyo anali ndi kachipinda kake, mipando iwiri, tebulo, ndi buku la hadikava limene ankalembamo zonse ndikamalankhula. Bukulo linkangokhala patebulopo, chitseko chosakiya, ana a Sande sukulu akulowa ndi kutuluka kudzatenga choko.

Ndinamuuza zonse. Zimene ngakhale amayi anga ondibereka sindinawauze. Ndinamuuza kuti masiku ena ndimalakalaka nditamugoneka mwanayu pamphasa, n'kutuluka, osabwereranso. Ndinalira mpaka chitenje kunyowa. Iye anandigwira dzanja n'kuti, "Mwana wanga, izi zithera m'chipinda muno."

Sipanathe mwezi, kunagwa maliro m'dera lathu. Ndinapita kukathandiza kuphika, mwana ali kumsana. Ndinali pa mphika waukulu uja wa nsima, mthiko m'manja, utsi ukundilowa m'maso, amayi ena akudula repu pambali, ena akutsuka mbale. Kenako ndinangomva munthu akumasula mbereko kumsana kwanga osandifunsa. Potembenuka ndi mayi wina wa m'gulu lathu la amayi la Lachinayi. Akuti, "Bweretsani mwanayu timusunge ife, paja inu mumafuna kumusiya pamphasa n'kuthawa." Pamphasa. Mawu anga enieni, osasintha ngakhale pamodzi. Amene ankadula repu anasiya mipeni. Wina anaseka kenako n'kudzigwira pakamwa. Apongozi anga anali chapomwepo akusankha nyemba, sanadzutse mutu, ndipo apo ndi pamene ndinadziwa kuti iwo anamva kalekale. Nsima ija inayamba kupserera ine ndili chiimire. Sindinalire. Ndinalanda mwana wanga, n'kumubereka ndi manja onjenjemera, ndinayenda mpaka kunyumba nditasiya masilipasi pamaliropo.

Nditapita kukamufunsa, mlangizi uja sanachite ngakhale manyazi. Akuti, "Ine sindinatchule dzina, ndinangopempha amayi kuti tipempherere mlongo wathu wina." Mlongo wina wa mwana wa miyezi itatu, amene amuna ake amayendetsa minibasi. Mumpingo monse tinalipo angati otero? Mpaka anandiuza kuti ndili ndi mzimu wosayamika. Mayi iwe, ngati uli m'gulu lino, ukudzidziwa. Unatenga matenda anga n'kukawasandutsa umboni woti anthu aziti ukugwira ntchito ya Mulungu. Chaka chonse anthu ankanditcha wamisala, ana a aneba analetsedwa kubwera kwathu, ndipo apongozi anafika pouza mwana wawo kuti mwanayo akaleredwe kumudzi. Miseche yovala chitenje cha mapemphero imeneyo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinadzazindikira mochedwa kuti ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Nditapita kuchipatala cha boma, nesi wa za maganizo asanandifunse kanthu anayamba wandiuza kuti zimene tikambirane sizituluka, kupatula ngati aona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati pali mwana amene akuchitiridwa nkhanza. Anati zikafika pamenepo adzandiuza ine poyamba kuti akufuna kudziwitsa wakuti, ndipo adzauza munthu yekhayo amene angathe kuteteza. Ndiye onani, ngati mayi uja ankaopadi kuti mwana wanga ali pangozi, njira inalipo. Akanandiuza maso ndi maso, akanaitana amuna anga, akananditengera kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi makumi atatu a Lachinayi akanateteza chiyani? Nesi yemweyo anandiuzanso kuti mlangizi sayenera kuthandiza m'bale wake, mnzake, kapena munthu amene amakumana naye tsiku ndi tsiku m'zinthu zina, chifukwa tsiku lina adzafunika kusankha pakati pa chinsinsi chako ndi chibwenzi chake. Wanuyo akadakhala wolongosoka, akadanena yekha tsiku loyamba kuti amadziwana ndi apongozi anu n'kukutumizani kwa wina.

Osanenanso za alangizi aamuna aja amene ukangowauza kuti banja likuvuta, usiku womwewo uthenga pa WhatsApp, "mwagona bwanji dear". Ameneyo si uphungu, muthaweni. Ndi enanso amene amayamba kukubwereka ndalama poti akudziwa kuti sungawakanize munthu wosunga zinsinsi zako.

Vuto kuno kwathu aliyense akapita ku wekishopu ya masabata awiri amabwerako ali mlangizi, alibe womuyang'anira, alibe komwe ungakamunenere. Akakhala nesi mutha kukadandaula ku Nurses and Midwives Council of Malawi, akakhala dokotala kapena clinical officer kuli Medical Council of Malawi. Ikakhala nkhani ya magazi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu, wachipatala sangangoulula mmene mulili popanda chilolezo chanu. Koma wangayu ndikanakamusumira kwa ndani? Kwa abusa amene ankamuyamikira pa guwa? Ine ndinangosiya, ndinasintha mpingo. Inu zikakuchitikirani musasiye, lembani kalata, sungani mauthenga onse a pafoni.

Ndiye asisi, musiyeni ameneyo. Pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu mukafunse tsiku la kiliniki ya za maganizo, kumakhala anesi ophunzira ntchito imeneyi. Chipatala cha za maganizo cha St John of God chili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo musaganize kuti kupita kumeneko kapena ku Zomba Mental Hospital ndiye kuti mwapenga, ambiri amangopita kukalankhula ndi munthu kapena kukatenga mankhwala n'kubwerera kwawo. Ngati pali nkhanza, kupolisi kuli Victim Support Unit, za ana imbani 116. Mukafika kwa watsopanoyo mufunseni musanakhale n'komwe: anaphunzira kuti, amamuyang'anira ndani, zimene akulemba amasunga pati, ndi liti pamene angauze munthu wina. Akakwiya ndi mafunso amenewa nyamukani.

Komabe nanenso ndisakunamizeni, si aliyense wodziwana naye amene ali woipa. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi a m'dera lomwelo amakhala pa benchi kuchipatala kumamvetsera anthu, ndipo anthu amathandizika, chifukwa agogowo amaphunzitsidwa ndipo ali ndi owayang'anira. Ndiye ngati komwe muliko mlangizi wanuyo ndi yekhayo amene mungamupeze, ndalama ya thiransipoti palibe, musakhale nokha ndi maganizo, ine kukhala ndekha kunatsala pang'ono kundimaliza. Pitanibe. Mumuuze poyera kuti mukudziwa zoti amacheza ndi apongozi anu, ndipo mawu amodzi okha akatuluka mudzadziwa kuti achokera kwa iye. Ndikanati muzimuuza theka, koma uphungu wa theka suchiza, ine ndinayamba kupeza bwino nditanena zonse kwa nesi uja. Kaya, muone nokha. Chokhacho, buku limene akulembamo lisamakhale patebulo, muone ndi maso anu kuti walikiyira.