Asuweni, za munda wa agogo wa ku Malingunde

Asuweni, moni kaye, ndipo moni kwa nonse amene muli pagulu pano, azakhali, alamu ndi ana omwe. Mwafunsa kuti mbande za bulugamu zingapezeke kuti kuno ku Lilongwe, ndiponso kuti zingafunike zingati kuti zidzaze munda wa agogo. Mbandezo sizisowa, zimakhala mbwee m'manazale ikafika nyengo yodzala mitengo, imene boma limaitsegula pa 15 Disembala n'kuitseka pa 15 Epulo. Koma ine ndimakudziwani, asuweni. Inu amene khasu munaligwira komaliza tili ku pulayimale, tsiku lomwelo n'kukaonetsa agogo matuza m'manja kuti akumvereni chisoni, simungadzuke m'mawa n'kuyamba kufuna bulugamu popanda chifukwa. Chimene mukufunsa... dikirani, ndinene bwino kuti azakhali asandimve molakwa. Chimene mukufunsa n'chakuti kodi munda uja unafa, ndipo ngati unafa, bwanji tisangoudzaza mitengo ya mapolo, kapenanso kuugulitsa kwa bambo aja anabwera itatha sadaka ija.

Ndisanafike pamenepo, mukuwakumbukira malemu amalume aakulu ndi chigawo chawo cha kumunsi, kufupi ndi dambo? Masiku amenewo mlimi wakhama ankadziwika ndi kuzula zitsa, munda n'kukhala mbee, mizere yokhayokha kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Amalume ankakana zimenezo, ndipo anthu ankawanena kuti ndi aulesi, ena mpaka kumawaseka pamowa kuti akulima tchire. Iwo chitsa chikaphuka ankasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse n'kuzisadza, ndipo zotsalazo ankazimangirira kansanza kuti abusa a mbuzi adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini wake. Tsiku lina mnyamata waganyu anadula mphukira zonse za mbali ya kuchulu pofuna kuwasangalatsa, poganiza kuti akuyeretsa munda. Amalume sanamukalipire, ndipo ndalama yake anamupatsa yonse, koma anamukhazika pansi pa msangu waukulu uja mpaka dzuwa kupendeka, akumufotokozera mtengo uliwonse dzina lake ndi ntchito yake, muwanga, mombo, msuku, mthethe. Mnyamatayo anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kuwauza azakhali kuti kukanakhala bwino akanangomudula malipiro. Azakhali, ngati ndikunama mundidzudzule pompano.

Misanguyo ndiyo ankaikonda koposa, ndipo anali ndi chifukwa. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba mvula ikamayamba, choncho suphimba chimanga, masambawo amawolerana pansi n'kusanduka chonde, ndipo umabiriwira m'chilimwe pamene ziweto zikusowa mthunzi ndi chakudya. Chaka cha 2016... ayi, ndinene kuti mvula ya 2015 kulowa 2016, imene inadula msanga dziko n'kulowa m'njala, chimanga cha m'minda yoyandikana nayo chinapiringizika masamba n'kuuma chisanabereke, koma cha pansi pa misangu ya amalume chinapirira mpaka kukhwima. Sanakolole zodzaza nkhokwe, ayi, koma sanapite kukagona pamzere wogula chimanga. Munthu akawafunsa chinsinsi ankangomulozera kumanda, kuti aone mmene nthaka ya kumeneko ilili yakuda ndi yofewa pamene palibe anathirako feteleza, kungoti nkhwangwa ndi moto sizifikako. Ndipo n'zoona, mukamayenda m'midzi ya kwathu kuno, kumene mwaona nkhalango yothithikana ya mitengo yachilengedwe mumadziwiratu kuti ndi kumanda.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti amalume sanaphunzire zimenezi kwa mlangizi aliyense, komabe njira yomweyo ndiyo inabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni ku Niger kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene Tony Rinaudo wa ku Australia anayamba kulimbikitsa alimi kusamala mphukira za pazitsa m'malo modalira mbande zokha. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, pamene mbande imafuna kuthirira, imadyedwa ndi chiswe, ndipo zambiri sizifika mvula yachiwiri. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo ine sindiona mmene zimenezo zingathekere ndi mwambo wodzala mitengo tsiku limodzi n'kujambulitsa zithunzi, ngati minda ya mabanja ngati lathuli ikungosiyidwa.

Kumene kuli munda wathu si malo wamba. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kudzaza madamu a Kamuzu pa Malingunde pomwepo, ndipo madzi amene inu mumatsegula pampopi ku Area 25 ndi omwewo. Makala amene timawaona panjinga m'mamawa akulowa m'tauni, ambiri ndi mitengo ya ku Dzalanyama, mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyo. Dothi limene likukokoloka m'munda wa agogo silikupita kutali, likukathera m'mitsinje yomweyo.

Tsopano ndiyankhe. Munda uja sunafe, asuweni, unangotopa, ndipo chimene chautopetsa ndi madzi amene akuthamanga pamwamba osalowa pansi. Kaufiti amene munamuona chaka chatha, maluwa ofiirira aja munkati ndi okongola, ndi chizindikiro cha nthaka yoguga, osati yakufa. Choncho poyambira si pogula mbande. Poyambira ndi kuitana mlangizi kuti atithandize kuyeza akalozera, ndiye kuti mizere yotsogolera yopingasa chitsetse, ndi levulo, kachipangizo koyezera kulingana kwa malo, mizere yonse itembenuzidwe kuti izidula chitsetse m'malo motsata kutsika kwa malo monga ikuchitira pano, pa akalozerapo tidzalepo udzu wa vetiva wogwira dothi, ndipo mizere tiitseke kuti mvula ikagwa madzi azikhala m'makhwawa mpaka alowe. Chigwembe chija chayamba kumalire ndi achimwene a kutsidya chikufunika kutchingidwa ndi miyala, zikhomo ndi vetiva kuyambira kumutu kwake, chifukwa chikangosiyidwa chidzadya njira ya ngolo. Mapesi asatenthedwenso, ndipo apa ndikunena ndi anyamata athu osaka mbewa, amene ndikudziwa kuti akumvetsera ali chete. Mapesi aziyalidwa pansi kuti asunge chinyezi. M'chimanga tisakanizemo nandolo, amene mizu yake imaboola chidindo cholimba cha pansi pa mizere, ndi mtengo wa gilisidiya woti tizisadza masamba ake n'kukwirira. Feteleza amene tingakwanitse kugula tim'chulukitse popanga manyowa a Mbeya, posakaniza ndowe, gaga ndi phulusa, n'kutseka m'thumba kwa masiku 21.

Za bulugamu, sindikuti ndi mtengo woipa, pakuti mapolo ndi nkhuni timazifuna tonse. Koma umamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake mbewu sizichita bwino, ndiye kuudzala pafupi ndi dambo ndi kuumitsa chitsime chimene mbumba yonse imatungapo. Ngati mtima wanu uli pamenepo, mizere ingapo kumtunda kwa miyala kuja ingakwane... inde, kumene munagwa pothamangitsa mbuzi ya agogo kuja, musanamizire kuiwala.

Ndiye ndibwereze kuti pasakhale wina wonena kuti sanamve: mundawo uli moyo, ndipo tisaugulitse kapena kuukwirira ndi bulugamu tisanaupatse mvula zitatu tikugwira madzi ndi kulera zitsa zimene zilipo kale. Ndinazionapo ndekha, zitsa za mbali ya kuchulu zikuphukabe ngakhale zimadulidwa chaka ndi chaka, ndipo misangu ing'onoing'ono yamera yokha pafupi ndi waukulu uja.

Ndikudziwa kuti ndalama zavuta, ndipo ndikudziwanso kuti za sukulu ya ana zikukusowetsani tulo, moti sindikukuimbani mlandu pa maganizo amenewo. Zimenezo tikambirane patokha, osati pagulu pano. Koma pa za munda, mawu anga ndi omwewo: tiyambe ndi madzi ndi zitsa, mbande zibwere pambuyo, ndipo bambo ajawo auzidwe mwaulemu kuti banja silinagwirizane zogulitsa. Akalozera ayenera kuyezedwa anthu asanayambe kusosa, choncho azakhali, chonde muwauze anyamata asaunde mzere ngakhale umodzi mpaka mlangizi atafika. Inu asuweni mudzabwere ndi nsapato zoti n'kuyenda nazo m'munda, chifukwa chingwe cha levulo chimafuna anthu atatu.