Foni ikuti mvula ikugwa, m'munda muli fumbi

Bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera kuti foni idaonetsa mtambo wofiira pamwamba pa mudzi wawo, iwo n'kudzala chimanga, mvula osabwera. Akufunsa ngati radar imanama.

Bambo, chimene mudaonacho si radar. Radar imaona madontho enieni, koma imafika makilomita pafupifupi 250 basi, ndipo ikamapita kutali imayamba kudutsa pamwamba pa mvula chifukwa dziko ndi lobulungira. Ya ku Beira ili pamtunda woposa makilomita 400 kuchokera mumzinda wa Tete, ku Angónia ndiye kutalitali. Inu mudaona chithunzi cha setilaiti ya Meteosat, imene ili makilomita 36,000 kumwamba. Iyo siona mvula. Imayeza kuzizira kwa nsonga ya mtambo pogwiritsa ntchito infrared (kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumasonyeza kutentha kwa chinthu), kompyuta n'kupaka utoto wofiira pozizira kwambiri.

Vuto lagona pamenepo. Mtambo wa mabingu ukakula umayala denga lopyapyala la ayezi, lozizira zedi koma lopanda dontho, mphepo n'kulikankhira kutali. Mvula imagwa pachimake pokha. Komanso Meteosat ya pa longichudi ya 0°, kutali kumadzulo kwathu, imatiyang'ana chapendeke, choncho mtambo wautali umaoneka ngati wasunthira kum'mawa, mwina ndi makilomita oposa 10. Kuchigwa cha Zambezi nako, kutentha kwa mu Novembala kumaumitsa madontho asanafike pansi. Chiperoni ndiye chimachita zosiyana: mitambo yake ndi yotsika, yofunda, chithunzi chili mbee inu mukunyowa.

Opanga mapulogalamu amene amalemba "radar" pa chinthu chongoyerekeza akulakwira alimi, ndipo pamenepa sindibwerera m'mbuyo. Komatu setilaitiyo musaitaye. Namondwe Ana, amene adagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete mu Januwale 2022, adaoneka akubwera. Zazikulu imaziona bwino, koma munda wa munthu mmodzi ayi.

Ndiye muzitani?

Osadalira chithunzi chimodzi. Chatsopano chimabwera mphindi 10 kapena 15 zilizonse, choncho yendetsani za maola awiri muone kumene chimake chikulowera ndiponso ngati chikukula. Nthawi ikalembedwa UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), onjezerani maola awiri kuti mupeze yathu. Machenjezo mverani a INAM, bungwe la zanyengo la Mozambique. Kudzala kokha, dikirani yagwa kale, mukumbe ndi khasu, chinyezi chikafika kuya kwa chikhatho chonse mbewu ilowe.