MGB ya mpikisano yakana kugulika ku Leicester: ndikonze kaye kapena ndigulitse momwemo?

Funso: Ndimagwira ntchito yokonza magalimoto ku Leicester. Zaka zitatu zapitazo ndinagula galimoto ya MGB ya 1964 kwa mkulu wina amene ankachita nayo mipikisano ya m'makalabu. Tsopano ndikufuna kuigulitsa kuti ndimalize nyumba kumudzi, koma aliyense amene wabwera kudzaiona akufunsa mapepala a FIA (bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse), akaona giyabokosi ya Ford ya magiya asanu imene ilimo n'kubwerera. Kodi ndilowetsepo ndalama zina?

Yankho: Achimwene, anthu amenewo sakuichepetsa galimoto yanu. Munthu wogula galimoto ya mpikisano amayamba wafunsa kuti ikaloledwa kuthamanga pati, penti ndi kulira kwa injini zimabwera pambuyo. Pamenepo ndi pamene pagona mtengo.

Mapepala akuwafunawo ndi Historic Technical Passport, HTP mwachidule, imene ku Britain imapezeka kudzera ku Motorsport UK, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto m'dzikolo, ndipo imagwira ntchito zaka 10. Imatsatira malamulo a FIA otchedwa Appendix K, amene amaika magalimoto m'magulu potengera zaka. Yanu ya 1964 ili m'gulu la 1962 mpaka 1965, ndipo mipikisano ya magalimoto a 1966 isanafike ili ndi anthu ambiri oifuna. Lamulo lake ndi loti galimoto ikhale ndi zida zimene zinkagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo. MGB inkatuluka ku fakitale ya Abingdon ndi injini ya 1798cc ndi giyabokosi ya magiya anayi. Ya Ford ija ndi yabwino pamsewu, inuyo mukudziwa bwino kuposa ine, koma inabwera patapita zaka zambiri ndipo woyendera galimoto sangaivomere.

Ndiye khalani pansi ndi pepala. Mbali imodzi lembani zonse zofunika kuti galimoto ibwerere mwakale: giyabokosi, matayala a Dunlop a mtundu wakale, mabuleki ngati anasinthidwa, ndalama ya pasipoti ndi ya woyendera. Ntchito ya manja anu muiwerengerenso, chifukatu amakaniko ambiri amaiwala kuti Loweruka lawo lili ndi mtengo. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi injini. Ngati mkulu uja anaikulitsa kupyola muyezo wololedwa, ndalama yake ingameze phindu lonse, ndipo simungadziwe mpaka mutaiyeza. Mbali inayo lembani mitengo imene ma MGB okhala ndi HTP akugulitsidwa, ndi ya amene alibe. Muyang'ane imene yagulidwadi pa okushoni, chifukwa mtengo wolembedwa pa malonda ndi chikhumbo cha mwini wake basi. Kusiyana kukapanda kuposa ndalama yokonzera ndi gawo looneka, isiyeni momwemo.

Kwa munthu amene akudikira malata kumudzi, ine ndikupendekera kwa kusakonza. Si mipikisano yonse imene imafuna HTP. Makalabu monga Classic Sports Car Club ali ndi magulu awo, aliwonse ndi malamulo ake, ena omasuka kuposa a FIA. Werengani malamulo a chaka chino, lemberani amene amayang'anira zoyenereza magalimoto m'gulu limene mwaliona, mutumize zithunzi ndi mndandanda wa zonse zosinthidwa, ndipo mupemphe yankho lolemba. Kalata imeneyo ikatchulidwa pa malonda anu, mudzayamba kulandira mafoni a anthu oyenera.

Musawononge ndalama pa malamba ndi mpando. Zambiri mwa izi zimakhala ndi chizindikiro cha FIA cha zaka zisanu, ndipo wogula amakonda kusankha zomukwana yekha. Ingonenani kuti zinatha liti.

Pa malondapo musalembe kuti galimoto "ikhoza kupeza HTP mosavuta". Ngakhale mukugulitsa ngati munthu wamba, lamulo la ku England limafuna kuti katundu afanane ndi mmene mwamufotokozera, ndipo wogula angakutengereni kukhoti ndalama zitapita kale kumudzi. Fufuzaninso m'garaja ndi kwa abale a mkulu uja ngati giyabokosi yakale ilipo, pamodzi ndi zotsatira za mipikisano, zithunzi ndi malisiti a injini. Galimotoyo muilengeze mu Januwale kapena Febuluwale, pamene oyendetsa akukonzekera nyengo yoyamba cha mu Malichi ndi Epulo.