Musanagule sitata, yambani mwayezetsa batire

Mayi, mwafunsa za Toyota Corolla yanu ya petulo imene yayamba kuvuta kulira m'mamawa chiyambire kuzizira kwa June kuno ku Chipata, pomwe masana imalira bwinobwino, ndipo mwati makaniko wina wakuuzani kuti mugule sitata yatsopano. Ndikupemphani kuti mudekhe kaye, chifukwa galimoto imene imavuta kukazizira kokha nthawi zambiri imakhala ndi batire lofooka, ndipo sitata imangosenzetsedwa mlandu umene si wake.

Mawa m'mawa muzimitse wailesi, mutsitse galasi, ndipo mumvetsere bwino pamene mukupotokola kiyi. Ngati injini ikuzungulira mwaulesi, mokoka, ndipo magetsi a pa dashboard akuchita mdima panthawi yomweyo, ndiye kuti mphamvu ya magetsi ndi yochepa. Mukamva kugogoda kofulumira kwa "ta-ta-ta" injini osazungulira, vuto ndi lomwelo koma lafika poipa. Sitata muikayikire makamaka ngati mwamva kugogoda kumodzi kokha magetsi akuwalabe ndi mphamvu.

Batire limapanga magetsi kudzera mu asidi ndi mtovu zimene zili mkati mwake, ndipo kukazizira ntchito imeneyi imayenda pang'onopang'ono, pomwe oyilo wa mu injini amakhala atalimba, kotero injini imafuna mphamvu yochuluka panthawi imene batire lili ndi yochepa. Kuzizira kwathu kuno sikungagonjetse batire labwino. Chimene chimalidya kwenikweni ndi kutentha kwa October ndi November, kumene kumaumitsa madzi ake ndi kuwononga zamkati, ndipo June amangoulula zimene zinawonongeka kale. Ngati lanulo ladutsa zaka 3, makamaka ngati ndi lomwe galimoto inabwera nalo kuchokera ku Japan, palibe chodabwitsa.

Pitani kwa katswiri wa magetsi a galimoto amene ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi. Galimoto itagona usiku wonse, batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 volts, ndipo likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Muyezo wofunika kwambiri ndi wa panthawi yoliza injini: nambala isatsike kupyola 9.6. Injini ikalira, nambalayo iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ikapanda kutero wolakwa ndi alternator (chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamayenda) kapena lamba wake, kotero kuti batire latsopano nalonso lidzafooka posachedwa. Inuyo muime pomwepo ndi kuona manambalawo ndi maso anu, chifukwa wogulitsa mabatire sachedwa kunena kuti lanu lafa.

Musanapite kumeneko, tsegulani boneti ndi kuyang'ana mitu iwiri ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatchinga magetsi, ndipo umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira pamodzi ndi burashi yakale. Pomasula muyambe ndi waya wa minus, pomanga mumalize ndi womwewo. Gwedezani mawayawo ndi dzanja. Sayenera kusuntha ngakhale pang'ono, ndipo misewu yathu ya fumbi ndi mabampu imawamasula kawirikawiri, kuphatikizapo waya wa earth umene umamangidwa ku thupi la galimoto. Ngati batire lanu ndi la zivindikiro, onjezani madzi a batire okha, osati a pa mpope kapena a pa chitsime.

Kayendedwe kanu nakonso kali ndi mbali yake. Ulendo wochoka ku Kapata kufika m'tauni, magetsi ndi heater zili zoyaka, subweza mphamvu imene sitata yatenga m'mawa, ndipo zimenezi zikachitika tsiku ndi tsiku batire limangotsikiratsikira. Kuyenda kwa theka la ola kapena kuposerapo pa Great East Road kumathandiza, koma batire lotsika kwambiri limafuna charger usiku wonse.

Nkhani imasintha ngati injini ikuzungulira mwamphamvu koma osagwira moto. Pamenepo mwina petulo akubwerera m'thanki usiku, ndipo pampu ya mafuta iyenera kuonedwa.  Mapulagi akale nawonso amavutitsa kukazizira. Palinso kachipangizo kamene kamauza kompyuta ya galimoto kutentha kwa madzi a injini. Kakanama kuti injini ndi yotentha, kompyuta imapereka petulo wochepa, pomwe injini yozizira imafuna wochulukirapo. Funsaninso oyilo amene anakuthirirani pa sevisi yomaliza. Ambiri amakonda 20W-50 poti ndi wolimba, koma injini zambiri za Toyota zing'onozing'ono za petulo zinapangidwira wopepuka monga 5W-30, ndipo buku la galimoto yanu ndi limene liyenera kugamula.

Kwa anzathu a Hilux ndi ma Canter a dizilo amene akuwerenga, dikirani kuti kanyali kooneka ngati waya wopotana kazime musanalize, ndipo mukaona utsi woyera wambiri injini ikunjenjemera, yezetsani ma heater plug, mapulagi amene amatenthetsa mkati mwa injini ya dizilo kuti ilire.

Pakali pano, Mayi, musagwire kiyi kupitirira masekondi 10, ndipo mupumitse theka la mphindi musanayesenso, kuopa kuti sitata imene ili bwino ingapse. Ngati Corolla yanu ndi ya automatic, anyamata asavutike kuikankha, chifukwa singalire motero. Gwiritsani ntchito mawaya a jampa: wofiira pa plus mbali zonse ziwiri, wakuda pa minus ya galimoto yothandiza, ndipo mbali yake inayo pa chitsulo cha injini yanu, kutali ndi batire. Mukayezetsa, mutilembere manambala atatu aja pompano kuti tione ngati sitata ikufunikadi kumasulidwa.