Mwana wanga akubwereza mafulakishoni pamene anzake ali pa aljebula. Ndimudumphitse?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 12 atalemba mayeso a masamu, aphunzitsi anamuika pa gawo lotsikirapo kusiyana ndi anzake a msinkhu wake. Panopa akuphunziranso mafulakishoni, omwe anawapanga kale zaka ziwiri zapitazo. Mayiwa akufunsa kuti mitu ya masamu imasanjidwa chonchi chifukwa chiyani, komanso ngati kungakhale bwino kupempha kuti mwanayo akwezedwe.

Amayi, musafulumire. Nkhawa yanu ndikuimva, koma kudumphitsa mwana m'masamu nthawi zambiri kumangobisa vuto, ndipo limadzaonekera patsogolo litakula.

M'masamu mutu uliwonse umatsamira pa unzake. Mwana amayamba kuwerenga zinthu, kenako kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Kuchulukitsa kumabwera pambuyo chifukwa poyamba amakumvetsa ngati kuwonkhetsa nambala imodzimodzi kangapo, ndipo kugawa kumadalira matebulo. Pakati pa zonsezi pali mutu umene makolo ambiri saupatsa chidwi, wa mateni ndi mawani. Mupatseni mwana 52 kuchotsera 38. Akayankha 26, dziwani kuti wachotsera 3 ku 5, kenako watembenuza ndi kuchotsera 2 ku 8. Sikuti walephera chifukwa cha ulesi ayi. Sanagwire kuti 5 wa mu 52 ndi mateni asanu, oti n'kubwerekako limodzi kuti apeze 14.

Tsono mafulakishoni ndiwo amagwetsa ana ambiri, chifukwa amaphwanya zimene mwana anazolowera. Wakula akudziwa kuti 8 ndi wamkulu kuposa 4, lero akumva kuti 1/8 ndi wochepa kuposa 1/4. Wakula akuona kuti kuchulukitsa kumakuza nambala, lero 6 kuchulukitsa ndi 1/2 akupeza 3. Nayi samu yoti mumuyese nayo madzulo ano: 1/2 kuwonkhetsa 1/3. Ana ambiri amawonkhetsa za pamwamba pazokha, za pansi pazokha, n'kulemba 2/5. Akatero musamukalipire, ingomufunsani kuti 2/5 ndi theka, wamkulu ndi uti. Theka ndiye lalikulu. Nanga zatheka bwanji kuti wayamba ndi theka, waonjezerapo china, koma wathera pochepa? Yankho lenileni ndi 5/6.

Mwana yemweyo mukamukankhira ku aljebula, akakumana ndi x/2 + x/3 = 5. Ndi samu ija yomwe, kungoti yavala chilembo. Amene amadziwa kupeza nambala ya pansi yofanana aona kuti 5x/6 = 5, choncho x ndi 6. Amene sadziwa ayamba kuloweza njira osamva tanthauzo, ndipo apa ndi pomwe ana amayambira kunena kuti masamu si awo. Mawu amenewo amandipweteka mtima, chifukwa mutu wa mwanayo ulibe vuto. Mu 2012, Robert Siegler, katswiri wofufuza momwe ana amaphunzirira masamu, ndi anzake ataunika zotsatira za ophunzira a ku United States ndi ku Britain, anapeza kuti kudziwa mafulakishoni ndi kugawa ali pafupi zaka 10 kunkasonyeza momwe ana adzakhozere aljebula ku sekondale, ngakhale ataganizira za kapezedwe ka makolo awo.

Za kubwereza mitu, ndi dala. Jerome Bruner, katswiri wa zamaphunziro, anafotokoza maganizo amenewa mu 1960: mutu umodzi uzibweranso kangapo, koma ulendo uliwonse uzizama. Poyamba mwana amapinda pepala pakati n'kuona theka. Pambuyo pake amayerekeza mafulakishoni, kenako kuwawonkhetsa, kenako kuona kuti 1/4, 0.25 ndi 25 peresenti ndi chinthu chimodzi. Dzina la mutu m'buku silisintha, koma ntchito yake ndi ina. Tsegulani kope lake lakale ndi latsopano muyerekeze. Ngati masamuwo ndi ofanana ndendende ndipo akuwakhoza mosavuta, pamenepo muli ndi chifukwa chodandaulira.

Sikuti mndandanda wonse ndi wosasinthika. Mitu ya maonekedwe a zinthu, miyeso ndi magirafu, masukulu amaiika malo osiyanasiyana popanda choipa, ndipo mwana akhoza kutsogola pa imeneyi uku akutsalira pa manambala.

Mukapita kwa aphunzitsi, afunseni kuti pa mayeso aja analephera mafunso ati makamaka, ndiponso kuti adzamuyesanso liti. Gawo lisakhale malo okhazikika. Kunyumba jambulani mzere kuyambira 0 kufika 1, mumuuze aike 1/2, 3/4, 2/5 ndi 0.3, ndipo afotokoze pakamwa chifukwa chimene waikira nambala iliyonse pamalo pake. Akakwanitsa izi osakayika, n'kukhozanso samu ya 1/2 ndi 1/3 ija, pitani nalo pepalalo kusukulu mukapemphe kuti amuyesenso msanga.