Mwana waonera filimu ya ku Mars, tsopano akuti adzakhala astronaut

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene mwana wake wamwamuna ali Fomu 3. Mnyamatayo adaonera filimu ya The Martian pamodzi ndi anzake, ndipo chionereni sakukamba china koma za Mars, maroketi ndi zodzakhala astronaut, munthu wopita mumlengalenga pa chombo. Bambo ake akufuna adzakhale dokotala ndipo amukalipira kale kuti asiye zopepera. Mayiwo akufunsa kuti: "Ndimulimbikitse kapena ndimuletse? Masamu sakumuyendera bwino, koma sindidamuonepo akutengeka ndi nkhani ya sayansi chonchi."

Mayi, makalata ngati anuwa amandipeza nthawi zonse filimu yotere ikatchuka, ndipo amafanana onse. Mwana watengeka mtima, kholo lina likumuseka, lina likuda nkhawa, koma palibe amene wakhala naye pansi n'kumufunsa kuti mufilimumo waonamo chiyani makamaka. Ndiyamba ndi mbali yowawa kuti tithane nayo.

Musamulonjeze mwana wanu kuti adzakwera roketi. Bungwe la zamlengalenga la ku United States la NASA limalemba ma astronaut amene ndi nzika za United States basi, ndipo limafuna digiri yachiwiri pa sayansi, masamu kapena uinjiniya. Ngakhale kwa eni dzikowo mpata wake ndi wochepa zedi: pa gulu la 2017 adapempha anthu oposa 18,300, adatengapo 12. Bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya la ESA mu 2022 lidasankha anthu 17 pa anthu oposa 22,500, onsewo ochokera m'mayiko a bungwelo. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene adapita mumlengalenga mu 2002 pa chombo cha Soyuz, adachita kulipira yekha ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni. Ku Mars komweko palibe munthu adafikako, ndipo pa Mwezi palibe wapondapo chichokereni 1972. Mwana amene akuika tsogolo lake lonse pa ntchito imeneyi akudzinamiza, ndipo kholo lomuvomereza pa zimenezi likumulakwira.

Komatu bambo ake nawonso akulakwa, mwina kuposa mwanayo, ndipo ndifika kwa iwo.

Filimuyi idatuluka mu 2015, adaitsogolera ndi Ridley Scott, ndipo Matt Damon ndiye adasewera ngati Mark Watney, katswiri wa zomera amene anzake adamusiya pa Mars poganiza kuti wafa. Anthu ochuluka adaikonda chifukwa inkaseketsa ndiponso kugunditsa mtima, n'kutha pomwepo. Koma padali ena amene adatuluka akutsutsa. Iwo ankati mkuntho umene udayambitsa mavuto onse sungachitike choncho, chifukwa mpweya wa pa Mars ndi wopepuka kwambiri, mphamvu yake yopanikiza siifika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a wathu kuno, moti mphepo yothamanga bwanji singagwetse chombo. Ena adakumbutsa kuti chombo cha Phoenix mu 2008 chidapeza mchere wa perchlorate m'dothi la Mars, umene ndi woopsa kwa munthu, ndiye kulimamo mbatatesi n'kudya sikungakhale kophweka ngati mmene zidaonekera. Oonera otsutsawa ndi amene ine ndimawakonda. Andy Weir, amene adalemba buku lomwe filimuyi idachokera, adavomera yekha kuti mkunthowo adaukokomeza dala. Iyeyu adali wolemba mapulogalamu a kompyuta, ankaika mitu ya bukulo pa intaneti pang'onopang'ono, ndipo owerenga odziwa kemisitire ndi fizikisi ankamukonza pamene walakwitsa.

Ndiye funso langa kwa inu mayi ndi ili: mwana wanu ali mbali iti? Adakopeka ndi suti yoyera ndi chipewa chagalasi, kapena adafuna kudziwa ngati zimene munthu uja ankachita zingathekedi? Yankho lake ndilo likuuzeni ngati pali china choti muchisamale.

Onani zimene zidamupulumutsa Watney. Adawerenga chakudya chimene chidatsala n'kuchigawa ndi masiku amene ayenera kudikira. Adayeza malo olimapo, adawerengera madzi ofunika pa dothi limenelo, adasakaniza dothilo ndi chimbudzi cha anthu kuti likhale ndi manyowa. Madzi adawapanga kuchokera ku hydrazine, mafuta a roketi, powaswa kuti atulutse haidrojeni n'kumuyatsa pamodzi ndi okosijeni, ndipo ulendo woyamba zidamuphulikira chifukwa sadawerengere okosijeni amene iye mwini ankatulutsa popuma. Atafukula chombo chakale cha Pathfinder, chimene chidateradi pa Mars mu 1997, kuti alankhulane ndi anthu a pansi pano, adali ndi kamera yongozungulira basi, yopanda mawu. Akadazungulira kamerayo ndi zilembo 26, chilembo chilichonse chikadatenga madigiri osakwana 14 pa 360, ndipo kukadavuta kudziwa kuti kamera yaloza pati. Adagwiritsa ntchito hexadecimal, njira yolembera manambala ya zizindikiro 16, chilichonse n'kutenga madigiri 22.5. Mayi, amenewa ndi masamu a kugawa ndi a makona, omwewo amene mwana wanu akuwalephera m'kalasi. Filimu yonse ndi masamu, kemisitire ndi bayoloje, ndipo mwana amene akuti waikonda koma homuweki ya masamu akukopera kwa mnzake sadaimvetse ayi.

Tsopano chimene ndikufuna mwanayo aone, ndipo ndicho ndingamulangize ndi mtima wonse. Amene adazindikira koyamba kuti Watney ali moyo sadali astronaut. Adali mtsikana wotchedwa Mindy Park, wogwira ntchito yoyang'ana zithunzi za setilaiti, amene adafananitsa zithunzi za masiku osiyana n'kuona kuti galimoto yasuntha ndipo mapanelo a sola ayeretsedwa. Amene adapeza njira yobwezera chombo ku Mars adalinso munthu wapansi pompano, wowerengera njira za zombo. Oonera ambiri anthu awiriwa amawaiwala, koma ntchito zawo ndi zimene zilipodi, ndipo sizifunsa kuti ndiwe nzika ya dziko liti.

M'mbiri yeniyeni zilinso choncho. Pulogalamu ya NASA ya Apollo, yotumiza anthu ku Mwezi, idagwiritsa ntchito anthu pafupifupi 400,000, koma amene adaponda pa Mwezi ndi 12. Mu 1962 astronaut John Glenn asadanyamuke kupita mumlengalenga adapempha kuti Katherine Johnson, mayi wodziwa masamu, atsimikizire ndi manja manambala amene kompyuta idatulutsa. Mu 1970 chombo cha Apollo 13 chitawonongeka, mainjiniya a pansi ndi amene adapeza njira yolumikizira zosefera mpweya pogwiritsa ntchito mapepala apulasitiki, katoni ndi tepi.

Ntchito ya Mindy Park masiku ano imatchedwa remote sensing, ndipo imayendera limodzi ndi GIS, luso lopanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta. Anthu ake amayang'ana zithunzi zochokera kumwamba n'kudziwa kumene mbewu zikufota mwini munda asadadandaule, kumene nkhalango ikutha, kumene madzi asefukira ndi misewu imene yaduka, komanso kumene namondwe akulowera. Maboma, mabungwe othandiza pa ngozi, makampani a inshuwalansi, a migodi ndi a zaulimi onse amawafuna. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti khomo lake ndi lotsegula. Zithunzi za ma setilaiti a Landsat zakhala zaulere kuyambira 2008, za Sentinel za ku Ulaya nazonso ndi zaulere, ndipo pulogalamu ya mapu ya QGIS munthu amaitsitsa osalipira kanthu. Mwana wa sekondale amene wapeza kompyuta ndi intaneti akhoza kutsegula chithunzi cha dera limodzi cha zaka ziwiri zosiyana n'kuona yekha kusintha kwake. Ku yunivesite njira zake ndi zingapo: geography, surveying, sayansi ya nyengo, sayansi ya kompyuta, fizikisi kapena uinjiniya wa zamagetsi.

Ndipo asaganize kuti zamlengalenga ndi za Amereka okha. Zimbabwe ndi Uganda zidatumiza ma setilaiti awo oyamba mu 2022, Kenya idatumiza Taifa-1 mu 2023, ndipo bungwe la African Space Agency lidatsegulidwa ku Cairo mu 2025. Ku Karoo ku South Africa kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64, imene idatsegulidwa mu 2018 ndipo ikulowa mu ntchito ya SKA, yomanga telesikopu yaikulu kwambiri. Zonsezi zimafuna mainjiniya ndi anthu odziwa kusanthula data. Ngati chidamukopa mwanayo ndi mbatatesi zija, adziwe kuti bungwe la International Potato Center ku Peru lidayesadi mu 2016, mogwirizana ndi NASA, kudzala mbatatesi m'dothi louma ndi lamchere la m'chipululu cha kumeneko. Phindu la kafukufuku wotere limagwera mlimi wa pansi pano amene nthaka yake yaguga. Sayansi ya nthaka ndi ya mbewu ndi ntchito yolemekezeka, ndipo zimandipweteka kuona ana anzeru akuithawa chifukwa akuluakulu adawauza kuti ndi ya olephera.

Bambo a mwanayu andimve bwino. Udokotala ndi ntchito yabwino, koma ndatopa ndi makolo amene pa ntchito zonse za pa dziko lapansi amadziwa zitatu zokha, dokotala, loya ndi akauntanti, n'kumakankhira mwana aliyense momwemo. Mwana wanu kwa nthawi yoyamba wafunsa yekha funso la sayansi, inu n'kumuyankha kuti ndi zopepera. Mukuganiza kuti mawa adzabweranso ndi funso lina? Chodabwitsa n'chakuti maphunziro amene mukufuna kuti akhoze kuti adzalowe udokotala ndi omwewo amene nkhani ya Mars ikumukokera: masamu, fizikisi, kemisitire ndi bayoloje. Ali Fomu 3, sakusankha kosi lero. Mukanganirana chiyani tsono? Musiyeni chidwi chakecho chimukoke mpaka pa mayeso a MSCE, ndipo mapointi akadzatuluka mudzakambirane muli ndi zenizeni m'manja.

Nawe mnyamata, popeza ndikudziwa kuti mayi ako akuwerengera kalatayi: kuonera mavidiyo a maroketi pa YouTube mpaka usiku si kuphunzira sayansi. Ndaona ana ambiri otentha ngati moto wamapesi, sabata ziwiri Mars, kenako mpira, kenako nyimbo, ndipo buku la masamu lili potero osatsegulidwa. Ngati ukunena zoona, tenga pepala. Werengera kuti uthenga wa wailesi, umene umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ungatenge mphindi zingati kufika ku Mars pamene dzikolo lili pa mtunda wa makilomita 225 miliyoni. Ukapeza yankho, udzifunse chifukwa chake galimoto ya Perseverance, imene idatera kumeneko mu 2021, singayendetsedwe ndi munthu ali pansi pano ngati mmene umayendetsera galimoto ya pa gemu. Ukatha pamenepo upite kwa aphunzitsi ako a masamu, uwaonetse mitu imene ikukuvuta, ndipo upemphe mapepala a mayeso akale.

Mayi, musamuletse ndipo musamugulire maloto. Mupatseni temu imodzi. Muuzeni kuti nkhani ya zamlengalenga mukuilemekeza, koma umboni wake mukufuna kuuona pa lipoti la sukulu, pa masamu ndi fizikisi. Magiredi akakwera, ngakhale pang'ono, ndiye kuti pali mbewu, ndipo mumufunire mwayi wogwira kompyuta nthawi ya holide kuti ayambe QGIS kapena chilankhulo cha kompyuta cha Python. Akapanda kusuntha, musamunyoze, koma mudziwe kuti idali filimu chabe, ndipo mundilembererenso tikambirane za maphunziro amene akumuyendera bwino.